Mabasi onse ndi ofiira, nanga makampaniwa akupikisana pati?

Funso: Nditafika ku London ndinaona kuti mabasi onse ndi ofiira, mtengo ndi umodzi, ndipo khadi lomwelo limagwira ntchito m'basi iliyonse. Koma pambali pa basi pamalembedwa mayina osiyanasiyana: ina Metroline, ina Arriva, ina Stagecoach. Wina anandiuza kuti makampaniwa amapikisana. Amapikisana bwanji poti sindinawaone akulimbirana anthu pa siteji? Kodi zinali choncho kuyambira kale, ndipo dongosolo limeneli ndi labwinodi kwa wokwera?

Yankho: Amene anakuuzaniyo sananame, komanso maso anu sanakunamizeni. Mpikisano ulipo ndithu, kungoti unachotsedwa pamsewu n'kuikidwa pa pepala. Makampaniwo salimbirana inu wokwera. Chimene amalimbirana ndi kontrakiti yoyendetsa njira inayake kwa zaka zingapo, ndipo amene wapambana ndiye amayendetsa nambala imeneyo yekha mpaka nthawi yake itakwana.

Mwini dongosolo lonse ndi bungwe la Transport for London, lomwe anthu amangoti TfL, ndipo lili pansi pa meya wa mzindawo. Bungweli ndi lomwe limanena kuti basi nambala yakuti iyambire apa, idutse umu, ikathere uko. Kuti m'mawa izibwera pakapita mphindi zingati, usiku zingati. Kuti ikhale yosanja kapena ayi, ya dizilo kapena yamagetsi. Ndiponso kuti wokwera azilipira zingati. Likatero limaitana makampani amene linawavomereza kale kuti aliyense atchule ndalama zimene angafune pachaka kuti agwire ntchitoyo. Aliyense amalemba mtengo wake mwachinsinsi, osadziwa zimene mnzake walemba. TfL imayang'ana mtengowo, mbiri ya kampani, kumene mabasi azikagona, komanso ngati ndondomeko ya nthawi imene yalembedwa ingathekedi pamsewu weniweni. Kwa zaka zambiri kontrakiti yakhala ya zaka 5, ndi mwayi woonjezera zina 2 ntchito ikayenda bwino. Njira zilipo pafupifupi 700, mabasi oposa 8,000, ndipo chaka chilichonse gawo lina la njirazi limabwereranso pa tenda. Ndalama imene mumalipira pogunditsa khadi pa kamakina kaja sipita m'thumba la kampani imene dzina lake lili pambali pa basi. Yonse imapita ku TfL. Kampani imalipidwa potengera mtunda umene mabasi ake ayenda ndi mmene asungira nthawi. N'chifukwa chake dalaivala wa Arriva alibe chomuthamangitsa kuti akafike pa siteji wa Metroline asanafike.

Sizinali choncho kuyambira kale, ndipo London yalawapo pafupifupi njira zonse zoyendetsera mabasi. George Shillibeer anayambitsa basi yokokedwa ndi mahatchi pakati pa Paddington ndi Bank mu 1829, ndipo posakhalitsa misewu inadzaza ndi ena omutsanzira. Patapita zaka, kampani ya London General Omnibus Company inameza ambiri a iwo. Koma mu 1922 Arthur Partridge anaika basi yake, yotchedwa Chocolate Express, pa njira nambala 11, ndipo anthu ambirimbiri anachita chimodzimodzi, ena ali ndi basi imodzi yokha. Ankawatcha achifwamba a pamsewu. Ankakonda njira zonona pa nthawi imene anthu achuluka, ankadulirana kutsogolo kuti ayambe kufika pa siteji, ndipo njira za kunja kwa mzinda zopanda phindu sankazifuna. Lamulo la 1924 linachepetsa chiwerengero cha mabasi ololedwa m'misewu yotanganidwa, kenako mu 1933 onse anaphatikizidwa m'bungwe limodzi, London Passenger Transport Board. Kwa zaka zoposa 50 kuchokera pamenepo, amene ankakonza njira ndi amene ankayendetsa mabasi anali mmodzi yemweyo.

Maganizo oti mpikisano ukhoza kuchitika pa pepala ndi akale kuposa mmene ambiri amaganizira. Edwin Chadwick analemba mu 1859 kuti pali ntchito zina zimene ndi bwino kuti anthu apikisanire ufulu woigwira, kusiyana n'kuti onse alowemo nthawi imodzi n'kumapondana. Maganizowa anangodikira nthawi yawo, ndipo pa mabasi a ku Britain nthawiyo inafika m'zaka za m'ma 1980, pamene okwera ankachepa, ndalama zimene boma linkathiramo zikukwera, ndipo boma la Margaret Thatcher linatsimikiza zolowetsamo makampani omwe si aboma.

Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu, chifukwa dziko limodzi linamwa mankhwala awiri osiyana pa nthawi imodzi. Kunja kwa London, lamulo la Transport Act 1985 linatsegula msewu. Kuyambira pa 26 Okutobala 1986, aliyense wokhala ndi chiphaso choyendetsera mabasi ankangolembetsa njira ndi nthawi zake masiku 42 asanayambe, n'kuikanso yekha mtengo. Ku London anasankha tenda. Lamulo la 1984 linachotsa mabasi m'manja mwa khonsolo yaikulu ya mzindawo n'kuwapereka ku bungwe latsopano la London Regional Transport, ndipo mu 1985 njira zoyambirira zinaperekedwa kwa opambana. Imodzi mwa izo inali nambala 81, ya ku Hounslow ndi Slough, imene inapita kwa kampani yaing'ono ya London Buslines yokhala ndi mabasi achikasu. Mu 1988 kampani ya Grey-Green inapambana nambala 24, imene imadutsa pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu anayamba kuona basi yotuwa ndi yobiriwira pakhomo pawo. Ndiye kufiira kumene munaonako si kuti kunangopitirira kosadukiza. Kunachita kubwezeretsedwa ndi lamulo la m'kontrakiti, pamene mu 1997 ananena kuti gawo lalikulu la basi, 80 peresenti, lizikhala lofiira, anthu ataona kuti mitundu yambirimbiri ikusokoneza okwera ndi alendo.

Mbali ya bungwe la boma imene inkayendetsa mabasi nayonso inagawidwa mu 1989 kukhala timakampani tingapo, monga London General, London Central, London United, Metroline, Leaside, Selkent ndi East London, ndipo pafupifupi tonse tinagulitsidwa mu 1994 ndi 1995. East London ndi Selkent zinapita kwa Stagecoach, London Central kwa Go-Ahead, Leaside ndi South London kwa Cowie, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Arriva. Mayina amene munawaona pambali pa mabasi aja ambiri anachokera m'kugulitsa kumeneku. Mukumbukire mfundo iyi chifukwa tibwererako: pogulitsapo, makampaniwo anatenga mabasi pamodzi ndi magalaja ambiri.

Nanga kunja kwa London kunatani? M'mizinda ingapo munabuka nkhondo za mabasi. Yodziwika kwambiri ndi ya ku Darlington mu 1994. Khonsolo itaika kampani yake ya mabasi pa malonda, kampani ina ya gulu la Stagecoach inalemba ntchito madalaivala ambiri a kampani ya khonsoloyo n'kuyamba kunyamula anthu ulere m'njira zomwezo. Pasanathe masiku ambiri kampani ya khonsolo inagwa, ndipo mu 1995 bungwe loona za mpikisano wa malonda, Monopolies and Mergers Commission, linadzudzula mchitidwewo mwamphamvu. Chimene ndimafuna kuti anthu aone pa nkhani ngati imeneyi ndi mapeto ake. Nkhondo ya pamsewu sikhalitsa. Wofooka amagwa kapena amagulidwa, ndipo wotsalayo amakhala yekha m'deralo, popanda womupikisa komanso popanda womuuza mtengo kapena nthawi. Wokwera amasangalala miyezi ingapo ya mabasi ochuluka, kenako amatsala ndi kampani imodzi imene imachotsa basi ya usiku ndi ya Lamlungu ikaona kuti sizikubweza ndalama. Kuchokera pakati pa zaka za m'ma 1980 kufika m'zaka za m'ma 2010, maulendo a pa basi ku London anachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri, pamene m'mizinda ikuluikulu ina ya ku England anatsika pafupifupi ndi theka.

Musafulumire kunena kuti tenda ndiyo yachita zonsezi. London inali ndi zina zimene mizinda inayo inalibe. Anthu ankachuluka, meya woyamba Ken Livingstone anathira ndalama zambiri m'mabasi TfL itakhazikitsidwa mu 2000, ndipo mu 2003 kunabwera khadi lolipirira ulendo la Oyster komanso msonkho wa galimoto zolowa pakati pa mzinda. Chimene tenda inachita n'chakuti inasunga chiwongolero m'manja amodzi, moti meya akafuna mabasi ambiri kapena mtengo wotsika anali ndi pogwira. M'mizinda inayo khonsolo inkangopempha.

Tsopano tiyeni tilowe m'kati mwa kontrakitiyo, chifukwa khalidwe la kampani limatsatira zimene ikulipidwira. Makontrakiti oyambirira ankalipira mtunda basi: yendetsa makilomita akuti, landira zakuti, ndalama za matikiti upereke ku bungwe. Zinatsitsa ndalama zoyendetsera, koma kampani inalibe chifukwa chosamalira ngati basi yafika pa nthawi kapena ngati ndi yaukhondo. Pakati pa zaka za m'ma 1990 anayesa njira ina, yoti kampani izisunga ndalama za matikiti kuti izikhala ndi chidwi chokopa anthu. Sizinathandize kwenikweni, chifukwa kuchuluka kwa okwera kumadalira zinthu zimene kampani ilibe nazo mphamvu, monga mtengo, njira ndi kuthithikana kwa galimoto, ndiponso kugawa ndalama za tikiti imodzi yogwira ntchito m'mabasi onse ndi m'sitima kunali mutu waukulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera makontrakiti otchedwa Quality Incentive Contracts. Ndalama za matikiti zinabwerera ku TfL, koma kampani ikasunga nthawi kuposa muyeso imapatsidwa bonasi yofika 15 peresenti ya mtengo wa kontrakiti, ndipo ikalephera imadulidwa mpaka 10 peresenti.

Muyeso wake ndi wosavuta kuumvetsa mukaimirira pa siteji. Tiyerekeze kuti basi imayenera kubwera pakapita mphindi 10 zilizonse. Anthu akamafika pa siteji mosayang'ana wotchi, wina amapeza basi itangochoka, wina ikungofika, ndipo pakatikati aliyense amadikira mphindi 5. Tsopano basi yoyamba ichedwe pa mphambano ina. Imapeza anthu ochuluka pa siteji iliyonse, imachedwa kuwakweza, imachedweratu. Yam'mbuyo imapeza masiteji opanda anthu, imathamanga, mpaka ziwirizo zimafika limodzi, ina itadzaza, ina ili mbee. Mabasi onse ayenda, mtunda wonse wakwana, koma mpata wasanduka mphindi 20 ndipo wokwera akudikira mphindi 10 m'malo mwa 5. Mphindi 5 zoonjezerazo ndi zimene TfL imawerengera podula kapena popereka bonasi pa njira za mabasi obwera pafupipafupi. N'chifukwa chake ku galaja kumakhala anthu oyang'ana pa kompyuta pamene basi iliyonse ili, kudzera mu makina otchedwa iBus, n'kumalankhula ndi madalaivala. Mukamva mawu m'basi akuti tiima pano pang'ono kuti mipata ifanane, kapena basi ikathera panjira n'kukuuzani kuti mukwere yam'mbuyo, dziwani kuti kontrakitiyo ikugwira ntchito pamaso panu. Zimakwiyitsa amene ali m'katimo, koma zimathandiza anthu ochuluka amene akudikira kutsogolo kapena mbali inayo.

Pofika apa mukhoza kuganiza kuti zonse zili bwino. Ine ndimaona malo atatu pamene dongosololi limatha kuthyoka, ndipo aakulu kwambiri ndi galaja.

Basi iyenera kugona penapake, kutsukidwa, kuthiridwa mafuta, kukonzedwa, ndipo dalaivala ayenera kuyambira ndi kumalizira ntchito pomwepo. Njira yofuna mabasi 20 imafuna malo a mabasi 20 ndi ena apadera. Galaja ikakhala kutali ndi poyambira njira, m'mawa uliwonse ndi usiku uliwonse mabasi onsewo amayenda opanda munthu, mafuta akupsa, dalaivala akulipidwa, ndipo ndalama zimenezo zimalowa mu mtengo umene kampani ilembe. Amene galaja yake ili pafupi wapambana kale asanatsegule n'komwe mapepala. Mumzinda wonga London, kumene malo ndi odula koopsa ndipo anthu safuna galaja pafupi ndi nyumba zawo, watsopano sangangobwera n'kumanga yake. Ndiye ngakhale pa pepala makampani ovomerezeka alipo angapo, pa njira imodzi si zachilendo kuona awiri okha atalemba mitengo, nthawi zina mmodzi. TfL ili ndi magalaja ake ochepa amene imabwereketsa, ndipo mabasi pafupifupi 1,000 a mtundu wa New Routemaster ndi ake, koma mbali yaikulu ili m'manja mwa makampani. Mabasi amagetsi akulimbitsa vutoli, chifukwa galaja tsopano imafuna mawaya akuluakulu ndi zotchajira zodula, ndipo amene waika kale zimenezi n'kovuta kumuchotsa.

Onjezeranipo kuti makampani akhala akumezana. Ang'onoang'ono a m'zaka za m'ma 1980 ambiri anagulidwa kapena anatseka. First inachoka ku London mu 2013, n'kubweranso mu 2025 pogula mabasi a RATP ya ku France. Stagecoach inatenga ntchito za ku London za HCT Group ndi galaja ina ya Tower Transit mu 2022. Lero pafupifupi njira zonse zili ndi magulu akuluakulu ochepa: Go-Ahead, Metroline, Stagecoach, Arriva, Transport UK ndi First. Metroline ndi ya ComfortDelGro ya ku Singapore, ndipo Arriva inali ya kampani ya sitima ya boma la Germany, Deutsche Bahn, mpaka 2024. Sindikuona cholakwa kuti mwini kampani akhale wakunja. Chondidetsa nkhawa ndi kuchepa kwa manja okwezedwa njira ikaikidwa pa tenda, chifukwa tenda ya munthu mmodzi ndi kukambirana mtengo chabe.

Amene anaphunzira ku London pambuyo pake anaiona mbuna imeneyi n'kuilambalala. Ku Perth, ku Australia, boma linayamba kupereka njira kwa makampani m'zaka za m'ma 1990 koma mabasi ndi magalaja anakhalabe a boma, pansi pa dzina la Transperth. Singapore, imene kwa nthawi yaitali inali ndi makampani awiri okha a mabasi, SBS Transit ndi SMRT, inalengeza dongosolo la makontrakiti mu 2014. Bungwe la Land Transport Authority ndi lomwe lili ndi mabasi ndi magalaja, ndipo linagawa njira zonse m'magulu 14, gulu lililonse lozungulira galaja yake. Kampani imangobweretsa luso loyendetsa ndi antchito. Zotsatira zake zinaoneka msanga: gulu loyamba, la Bulim, linapita kwa Tower Transit mu 2015, lachiwiri, la Loyang, kwa Go-Ahead, onsewo alendo amene sakanatha kulowa akanati azigula okha malo. Greater Manchester itagwiritsa ntchito lamulo la Bus Services Act 2017 kubweza mabasi m'manja mwa meya Andy Burnham, inagula magalaja akuluakulu kaye. Mabasi achikasu a Bee Network anayamba ku Bolton ndi Wigan pa 24 Seputembala 2023, ndipo dera lonse linamalizidwa pa 5 Januwale 2025, pamene Metroline, imene inalibe ntchito mumzindawo, inalowa itapambana. Mzinda uliwonse umene ukuganiza zotsanzira London ndingauuze kuti pa mfundo iyi utsanzire Singapore.

Malo achiwiri ndi dalaivala, ndipo apa mtima wanga umandipweteka kwambiri. Ganizirani zimene kampani ingachepetse kuti mtengo wake utsike kuposa wa mnzake. Dizilo onse amagula pa mtengo wofanana. Mtundu wa basi walembedwa kale m'kontrakiti. Mtunda ndi nthawi n'zoikika. Chotsala chachikulu, choposa theka la ndalama zonse zoyendetsera, ndi malipiro a antchito ndi mmene maola awo asanjidwira. Ndalama zimene zinapulumutsidwa m'zaka zoyambirira za tenda zinachokera mbali ina ku kuchotsa makondakitala ndi mabwana ochuluka, zomwe zinali zomveka, koma mbali ina zinachokera m'matumba a madalaivala. Mu 1991 kampani ya London Forest inapambana njira za ku Walthamstow powerengera kuti idula malipiro. Antchito ananyanyala, njirazo zinaperekedwa kwa ena, ndipo kampaniyo inatsekedwa chaka chomwecho. Ku Britain kuli malamulo otchedwa TUPE, oti ntchito ikasamukira kwa bwana wina, wantchito amasamuka nayo ndi malipiro ake. Amathandiza, koma saletsa kampani kulemba atsopano pa malipiro otsika, ndipo sathandiza kwenikweni munthu amene njira yake yapita ku galaja ya tsidya lina la mzinda pamene iye amayamba ntchito 4 koloko m'bandakucha.

Mu Januwale 2015 madalaivala a makampani 18 a ku London ananyanyala ntchito tsiku limodzi motsogozedwa ndi bungwe la antchito la Unite, podandaula kuti anthu oyendetsa mabasi ofanana, m'misewu yomweyo, amalandira mosiyana kwambiri. Meya Sadiq Khan atalowa anaika malipiro ochepetsetsa a mapaundi 23,000 pachaka, kenako dongosolo loti dalaivala akasintha kampani asayambirenso pansi ngati wophunzira. Kafukufuku amene TfL inapempha ku yunivesite ya Loughborough, wotuluka mu 2019, anapeza kuti kutopa ndi kusinza pa chiwongolero ndi vuto lenileni. Zimenezi zikugwirizana ndi bonasi ija. Ndondomeko ya nthawi ikathina, mphindi zopumira kumapeto kwa njira ndi zimene zimayamba kudyedwa, ndipo munthu amene sanapeze mpata wopita kuchimbudzi kapena kumwa madzi ndi amene wanyamula anthu 80 kumbuyo kwake. Malipiro ndi nthawi yopuma ziyenera kulembedwa m'kontrakiti monga mmene amalembera mtundu wa penti, kuti makampani azipikisana pa luso lokonza ntchito osati pa kufinya anthu.

Malo achitatu ndi kampani imene yalemba mtengo wotsika mopitirira chifukwa chofunitsitsa kupambana. Pa tenda, amene walakwitsa masamu kwambiri ndi amene kawirikawiri amapambana, ndipo amayamba kutaya ndalama tsiku loyamba. Ku Denmark kampani ya boma ya Combus inapambana makontrakiti ambiri motere m'zaka za m'ma 1990, boma linathiramo ndalama kuti liipulumutse, ndipo mu 2001 inagulitsidwa kwa Arriva pa ndalama zongochitira mwambo. Ku London, Harris Bus itagwa kumapeto kwa 1999, panalibe wokonzeka kutenga njira zake pa mtengo woyenera, moti bungwe la boma linatsegula kampani yakeyake, East Thames Buses, imene inayenda mpaka inagulitsidwa kwa Go-Ahead mu 2009. Kampani ikhoza kugwa, koma ana ayenera kupitabe kusukulu mawa lake. Chiopsezo chomaliza chimakhalabe cha mzinda, kaya pepala likunena zotani.

Zonsezi zimafuna bungwe la mzinda lodziwa ntchito, ndipo apa pali chenjezo la ku Santiago, ku Chile. Kumeneko, ngati ku Bogotá ku Colombia, dalaivala ankalipidwa potengera matikiti amene wagulitsa, ndipo mabasi ankathamangitsana mpaka kupha anthu. Bogotá inayamba kuthetsa zimenezi ndi dongosolo la mabasi la TransMilenio mu Disembala 2000, polipira makampani pa mtunda, njira ndi njira. Santiago inasintha mzinda wonse tsiku limodzi, pa 10 Febuluwale 2007, pansi pa dzina la Transantiago. Njira zinali zatsopano, mabasi anali ochepa kuposa ofunika, makina otsatira pamene basi ili anali asanakonzeke, ndipo makontrakiti sanakakamize makampani mokwanira kutulutsa mabasi onse. Anthu anadikira maola pa siteji, sitima za pansi pa nthaka zinadzaza zosapumika, ndipo zinatenga zaka ndi ndalama zambiri za boma kuti zinthu zikhazikike. Maganizo ake sanali olakwika. Cholakwika chinali kuyamba bungwe loyang'anira lisanakhale ndi maso oonera zimene likulipira.

Tibwere ku funso lanu lomaliza. Kwa wokwera, dongosolo la London ndi labwino kwambiri kuposa kulimbirana pamsewu, ndipo pa ichi sindikayika. Mumapeza mapu amodzi, tikiti imodzi, basi ya usiku ku dera losauka imene ikuthandizidwa ndi ndalama za njira zonona, ndiponso pali munthu wosankhidwa ndi mavoti amene mungamufunse zinthu zikalakwika. Koma taonani kuti zabwino zonsezi zikuchokera ku kukonza ndi kulamula pamalo amodzi. Mizinda ngati Vienna ndi Berlin ili nazo zomwezo kudzera m'makampani a mzinda weniweniwo, ndipo ku Edinburgh, Nottingham ndi Reading makampani a makhonsolo akuyenda bwino. Chimene tenda imaonjezerapo ndi chikwapu pa mtengo: woyendetsa amadziwa kuti akagona, pakapita zaka zochepa wina amulanda njira. Chikwapu chimenecho n'chaphindu, ndipo n'chifukwa chake Copenhagen ndi Stockholm zakhala zikuchita tenda kuyambira cha m'ma 1990, ndipo mabasi a RATP ku Paris ayamba kugawidwa m'magulu kuti apikisaniridwe. Koma chimagwira ntchito pokhapokha ngati pali winadi wotha kulanda njirayo, ngati malipiro a antchito atetezedwa, ndiponso ngati mzinda uli ndi ndalama zothiramo. Mabasi a ku London sadzilipirira okha ndi matikiti, ndipo ndalama za TfL zikachepa, monga zinachitikira mliri wa Covid-19 utachotsa okwera mu 2020, nkhani yochepetsa njira imabuka ngakhale makampani apikisane chotani.

Ngati mukufuna kudzionera nokha ngati mpikisano uli moyo pa basi imene munkakwera, TfL imaika poyera pa intaneti zotsatira za tenda ya njira iliyonse. Lembani nambala ya basiyo ndipo muona kampani imene inapambana, mtengo umene unavomerezedwa, wotsikitsitsa ndi wokwera kwambiri mwa imene inaperekedwa, ndi chifukwa chake ngati wotsikitsitsa sanasankhidwe. Muyang'anitsitse mzere wonena kuchuluka kwa makampani amene analemba mitengo. Mukapeza atatu kapena anayi, njirayo ikulimbiranidwa zenizeni. Mukapeza mmodzi, fufuzani pa mapu kuti galaja yapafupi ndi poyambira njirayo ndi ya ndani.